Tenti Yodzuka Yokha

1. Chimene Anaona Anthu a M'chigwa

Loweruka lina kumayambiriro kwa dzinja, anthu a m'chigwa cha kumunsi kwa mapiri a Chimanimani anaona chinthu chachilendo kumwamba. Chinali chofiirira ngati lalanje lakupsa. Chinachokera pamwamba pa phiri chikugubuduzika mumlengalenga, kumbuyo kwake kuli mtambo wakuda bii.

Amayi amene ankaanula zovala anazisiya pachingwe. Bambo wina amene ankafolera khola anatsika pamakwerero msangamsanga. Wina anati ndi ndege yaing'ono imene yagwira moto. Wina anati ndi ambulera ya mlendo. Mayi wina anangokokera ana ake m'nyumba n'kutseka chitseko.

Kodi inu mukuganiza kuti chinali chiyani? Nanga m'kati mwake chinanyamula chiyani? Yankho lanulo lisungeni. Kuti tilipeze loona, tibwerere ku Lachisanu masana, pabwalo la Sekuru Dhliwayo.

2. Gulu la Mapoto

Sekuru Dhliwayo ankabwereketsa katundu kwa anthu okwera mapiri. M'chipinda chawo chosungiramo zinthu munali matenti, zikwama zikuluzikulu, zofunda za zipi ndi timbaula. Iwo anali mlongo wa amayi ake a Mazvita. N'chifukwa chake Mazvita ankawatchula Sekuru, iwo n'kumamutchula muzukuru.

Mazvita anali mu Fomu 3. Anali atangosankhidwa kumene kukhala mtsogoleri wa atsikana m'kalabu yokwera mapiri ya pasukulu pawo. Gulu lake linali la atatu: iyeyo, Paida amene ankaseka chilichonse, ndi Shuvai, mnzake wa pamtima. Shuvai ankadwala mphumu. Kulikonse kumene ankapita ankamanga m'chiuno kachikwama kobiriwira, momwe munali kabotolo ka mankhwala opopera m'kamwa.

Mphunzitsi woyang'anira kalabuyo anali a Sigauke. Lamulo lawo linali lakuti gulu lililonse lisankhe lokha tenti yake, liinyamule lokha, n'kuimanganso lokha. Panalinso mwambo wina umene ana anauyambitsa kalekale. Gulu likamaliza kumanga tenti, onse ankabwerera m'mbuyo, n'kukweza manja onse awiri m'mwamba kuti aliyense aone kuti palibe akuigwirira, n'kufuula kuti, "Yaima!" Gulu lomaliza kufuula linkatsuka mapoto a anthu onse.

Pa ulendo wapitawo atsikana ndiwo anatsuka. Kuyambira pamenepo Tongai, mtsogoleri wa anyamata, anawapatsa dzina limene linafala sukulu yonse.

"Gulu la Mapoto lafika!" anatero Tongai atsikanawo akulowa pabwalo. Iye ndi anzake anali atasankha kale tenti yawo, ndipo anali atakhala pamthunzi akudya maputi, chimanga chokazinga chophulika ngati mbuliuli. "Sekuru, awawa musavutike kuwapatsa tenti. Apatseni sopo ndi mchenga basi."

"Iwe Tongai, pakamwa pakopo pali ngati geti lopanda loko," anayankha Paida. "Maputiwo akutsamwe."

Mazvita anagwada pang'ono n'kuwomba m'manja kupereka moni kwa malume akewo.

"Mwaswera bwanji, Sekuru?"

"Ndaswera ngati waswera, muzukuru. Wabwera kudzandilandanso chiyani lero? Mwezi watha unapita ndi chipewa changa."

"Chinali chokukulirani, Sekuru. Ndinakuthandizani."

Sekuru anaseka, n'kulowa m'chipinda chija. Anatuluka ndi matenti awiri. Yoyamba inali m'thumba lalitali lobiriwira, lokhala ndi zigamba, lonunkha utsi. Yachiwiri inali m'thumba lozungulira ngati lichero lalikulu, lophwatalala, lofiirira ngati lalanje.

"Yobiriwirayi ndi imene ndakukonzerani," anatero. "Inayi ndangoitulutsa kuti ndiianike. Anandisiyira mlendo wina wochokera ku Harare. Atatsika phiri sanafunenso kuiona."

"Bwanji?" anafunsa Shuvai.

"Sanandiuze. Nkhope yake ndi imene inandiuza."

Sekuru anatsegula zipi, n'kusolola chinthu chopindidwa mozungulira, n'kuchiponya patsogolo. Chinthucho chinati phaa! Chisanafike n'komwe pansi chinali chitatambasuka. Pabwalo panaima tenti yathunthu, ya khomo ndi mazenera ake, yowala ngati yangotuluka m'sitolo.

Tongai anasiya kutafuna.

Mazvita anayang'ana tentiyo, kenaka anayang'ana Tongai.

"Sekuru," anatero, "ndikufuna iyo."

3. Ndowa ya Sekuru

Sekuru Dhliwayo sankapereka tenti kwa munthu asanamuyese. Anatunga madzi mundowa kuchokera mungalande yotsika kuphiri, madzi ozizira ngati achokera mufiriji. Wobwereka ankaviika manja m'menemo mpaka zala zitauma gwa, kenaka n'kumanga tentiyo iwo akuonerera.

Atsikanawo anaviika manja. Paida anakuwa kuti zala zake zafa ndipo aziike m'manda mwaulemu. Atayesa yobiriwira ija, anavutika nayo ndithu. Mitengo yake yachitsulo inkapulumuka m'manja. Mfundo zinkakana. Inaima, koma anyamata anali atayamba kale kuimba nyimbo ya mapoto.

Kenaka Sekuru anapinda yofiirira ija n'kumupatsa Mazvita. Iye anangoiponya. Phaa! Yaima.

"Mwaona, Sekuru? Iyi ndowa yanu siyiiopa. Ngakhale wopanda zala akhoza kuimanga. Ndipo Shuvai safunika kuima nthawi yaitali pamphepo. Mvula ikangoyamba, timaponya, iye n'kulowa."

Sekuru anakoka mpando wawo n'kukhala.

"Muzukuru, khala pansi undimvere. Nanunso awirinu, senderani.

"Pabwalo pano dothi ndi lofewa. Mphepo yatchingidwa ndi mpanda. Mukalephera, mumangoseka n'kuyambiranso. Tenti iliyonse ndi yosavuta pabwalo pano. Koma munthu sasankhira tenti tsiku labwino. Amaisankhira tsiku loipa la pamwamba paja, pamene mitambo yatsika, manja auma, ndipo mnzako akulankhula koma mawu ake sukuwamva.

"Yobiriwirayi imayamba itagona pansi. Umaigwadira, n'kuyamba kukhoma mbali imene mphepo ikuchokera. Pamene dothi lakana chikhomo, umamanga chingwe pamwala. Ukamadzalowetsa mitengo kuti idzuke, imakhala itagwidwa kale. N'chifukwa chake imaoneka yochedwa. Koma inayi imadzuka usanaimange. Pakati pa kudzuka kwake ndi kumanga kwako pamakhala kanthawi kochepa. Mphepo ya pamwamba paja siifuna zambiri. Imafuna kanthawi komweko.

"Pamwamba paja si dothi, ana anga, ndi thanthwe lofunda kaudzu. Mphepo yake siiwomba mosalekeza ngati ya kuno. Imawomba, n'kusiya, n'kukhala chete mpaka munthu n'kuganiza kuti yapita. Ikamabweranso imabwera ndi mphamvu zonse. Ndipo mvula ikagwa kumtunda, kamtsinje kamene munawoloka madzi ali m'kakolo kamasanduka chinthu china. Simungatsike, ifenso sitingakwere. Mumakhala ndi zokhazo zimene mwanyamula."

Shuvai anagwira kachikwama kake ka m'chiuno. "Mazvita, bwanji titenge yobiriwira yomweyo? Mapoto sapha munthu."

"Iwe sumamva zimene amandinena m'kalasi," anatero Mazvita motsitsa mawu. Kenaka anatembenukira kwa malume ake akumwetulira. "Sekuru, kodi kuyambira liti muzukuru amakanizidwa chinthu pakhomo pa sekuru wake?"

Kumeneko mwana wa mlongo ali ndi ufulu pakhomo pa malume ake. Akhoza kutenga nkhuku kapena chipewa, malumewo n'kungodandaula moseka. Mazvita anaudziwa bwino ufulu umenewo. Koma ulendo uno Sekuru sanaseke.

"Chipewa ndinakusiyira chifukwa chipewa sichisunga moyo wa munthu," anatero. "Koma a Sigauke anati musankhe nokha, ndipo ine sindithyola lamulo la mphunzitsi. Itenge. Koma tamvera. Mukathumba aka muli zikhomo ndi zingwe. Kasasiyane ndi tenti ngakhale pang'ono. Ukaiponya, dzanja lako lisachokepo. Chikwama cholemera chilowe poyamba, kenaka chingwe chipite pamwala. Chingwe chisanafike pamwala, tenti imeneyo sinakhale yako. Wamva?"

"Ndamva, Sekuru."

"Tsopano yang'anitsitsa mmene amaipindira, pakuti imadzuka mosavuta koma siifuna kugona."

Sekuru anaigwira uku ndi uku, anaipotokola, anaipanikiza ndi bondo mpaka inabwerera kukhala lichero. Analowetsa kathumba ka zikhomo pakati, n'kutseka zipi. Koma nthawi yonseyo Mazvita anali atatembenukira kumthunzi.

"Tongai!" anaitana. "Mawa ubwere ndi sopo wako. Wathu tamusiya kunyumba."

4. Kathumba Pakhonde

Loweruka m'mamawa lole inaima pabwalo la sukulu. Zikwama zikuluzikulu anazikweza poyamba n'kuzimanga ndi chingwe. Makolo angapo anabwera kudzatsanzikana ndi ana awo.

Mai Shuvai, amayi ake a Shuvai, anamukokera Mazvita pambali.

"Mwanangu, bambo ake anakana kuti Shuvai apite. Ndine ndawaumiriza. Ndawauza kuti mwana sangakule atatsekeredwa m'nyumba ngati nkhuku yofungatira, ndiponso kuti akupita ndi Mazvita, mwana wamutu wake. Ndiye undimvere. Chifuwa chake chimadana ndi mphepo yozizira ndi zovala zonyowa. Ukamva akupuma ngati muli kamluzu, usadikire kuti akuuze, pakuti amachita manyazi. Mukhazike pansi, apope mankhwala. Kabotolo ndi kamodzi komweko. Kena kanatha sabata yatha. Kachikwama kobiriwirako ukasamale kuposa foni, kuposa chakudya, kuposa chilichonse chimene mwanyamula. Ndakupatsa mwana wanga m'manja."

"Musadandaule, Mai. Tenti yathu imaima nthawi yomweyo. Dontho ngakhale limodzi silimugwera."

Wezulo inalira. A Sigauke ankafuna kuona tenti ya gulu lililonse asananyamuke. Anyamata anakhuthula thumba lawo n'kuonetsa mitengo ndi zikhomo. Mazvita anaponya yake. Phaa! Ana onse anakuwa ndi chimwemwe, ngakhale oyendetsa lole anatulutsa mutu pazenera.

A Sigauke anaizungulira tentiyo atakwinya nkhope. "Yopepuka kwambiri iyi. Zikhomo ndi zingwe zili kuti?"

"Nazi, aphunzitsi."

"Chabwino. Mwasankha nokha. Pindani msanga, tinyamuke."

Apa m'pamene panayambira mavuto. Mazvita anaigwira uku, iyo inathawira uko. Paida anaipanikiza ndi bondo, iyo inafwamphuka n'kumumenya pamlomo.

"Mayo! Chinthu ichi chili ndi mizimu!" anakuwa Paida. "Sekuru anachita bwanji dzulo?"

"Anaipotokola," anatero Shuvai. "Mazvita, sunaone?"

"Ndinaona. Gwirani uko!"

Ana ena onse anali atakwera. Lole inaliza hutala. Atsikana atatuwo anaigonera tentiyo mpaka inapindika, koma osati mmene anaipindira Sekuru. Inalowa m'thumba mokakamiza, itatupa mbali imodzi. Zipi inakana kutseka. Mazvita anasolola kathumba ka zikhomo n'kukaika pakhonde la kalasi, kuti akatenge akatseka. Anakoka zipi ndi mphamvu zake zonse mpaka inatseka.

"Gulu la Mapoto! Ngakhale kukwera lole mukhala omaliza?" anafuula Tongai. Anyamata anayamba kumenya m'mbali mwa lole ngati ng'oma.

Atsikanawo anathamanga. Anawakokera m'mwamba lole itayamba kale kuyenda. Mazvita atakhala pansi anatembenuka. Pakhonde la kalasi panali kathumba kakuda, kali kokhakokha.

Geti linali lisanadutsidwe. Kukanangofunika kumenya denga la lole ndi dzanja, oyendetsa akanaima. Mazvita anakweza dzanja. Tongai anali akumuyang'ana, kuseka kuli kale pamilomo.

Mazvita anakonza duku lake ndi dzanja lomwelo, n'kulibweza pamwendo.

"Zonse zilipo?" anafunsa Shuvai.

"Zilipo," anayankha Mazvita. "Komanso imaima yokha. Unaona."

5. Anyani Akutsika

Lole inawasiya patsinde pa phiri. Anayamba kukwera dzuwa likuwala bwino. M'munsi munali mitengo ya masuku, ndipo ana ankatola zipatso akuyenda. Paida anadzaza matumba onse a buluku lake.

Mazvita anamangirira tenti ija kumbuyo kwa chikwama chake. Inali yopepuka, koma inali yotambalala kuposa mapewa ake. M'nkhalango inkakodwa m'nthambi. Atatuluka m'nkhalango n'kufika pamiyala, kamphepo kalikonse kankaigwira n'kumukankhira m'mbali. Pamalo ena opapatiza anachita kukwawa.

"Taonani kamba wa olenji!" anatero mnyamata wina. Ulendo uno Paida yemwe anaseka.

Pachitunda chachikulu Shuvai anayamba kutsalira. Mazvita anamva kamluzu kaja m'chifuwa mwa mnzakeyo, ndipo anamukhazika pamwala. Shuvai anatsegula kachikwama kobiriwira, anapopa mankhwala, n'kudikira. Posakhalitsa anapuma bwino.

"Usawauze aphunzitsi," anatero. "Angandibweze."

Dzuwa litapendeka anafika pakamtsinje. Madzi anali oyera mbee, ofika m'kakolo. Anavula nsapato n'kuwoloka akuthirana madzi. Kutsidya kwake njira inakwera pang'ono n'kufika pamalo otambalala a udzu waufupi ndi matanthwe oyera. Malo awo ogona anali patsogolo ndithu, kuseri kwa chitunda, pamene pali phanga lotchinga mphepo.

Ali pakati pa malo otambalalawo anakumana ndi anyani. Linali gulu lalikulu, ana ali kumsana kwa amayi awo. Anyani a kumeneko amakonda kuima n'kumayang'ana zikwama za anthu. Awa sanaime. Anadutsa chapatali akutsetsereka mwaliwiro, osatembenuka n'komwe.

"Akuthamangira basi ya ku Mutare," anatero Paida. Palibe anaseka.

Mbalame zinali zitasiya kulira. Kamphepo kanasintha, kanayamba kuchokera kum'mawa, kozizira ngati madzi a mundowa ya Sekuru. Shuvai anamasula kachikwama kake kuti atulutse juzi m'chikwama chachikulu.

A Sigauke anaima n'kuyang'ana kumalire a Mozambique. Pamwamba pa nsonga za mapiri panali mtambo wakuda bii, m'munsi mwake muli motuwa. Unkabwera mwakachetechete. Kenaka bingu linagunda chapatali, pansi n'kunjenjemera pang'ono.

Wezulo inalira kotalika.

6. Yaima

"Kuphanga sitifikako," anatero a Sigauke mokweza. "Timanga pompano, m'munsi mwa thanthwe ili. Ndimvereni bwino. Lero palibe mpikisano. Palibe wotsuka mapoto. Aliyense ayambe kukhoma mbali ya mphepo. Fulumirani!"

Mphepo inafika iwo asanatseke pakamwa. Udzu unagona pansi. Chipewa cha mwana wina chinauluka. A Sigauke anathamangira kwa ana a Fomu 1, amene tenti yawo inali itawakulunga.

Atsikana atatu aja anatula zikwama zawo m'munsi mwa mwala, n'kukwera pang'ono pamene panali posalala. Shuvai anali atanyamula juzi ndi chofunda chake. Anaziika pansi pambali pa Mazvita kuti amange bwino nsapato imene inamasuka.

Chapafupi anyamata anali atagwadira tenti yawo, itagona pansi. Tongai ankakhoma chikhomo ndi mwala, chikhomocho n'kumapindika. Anachitaya n'kuyamba kukulunga chingwe pamwala waukulu. Sankasekanso.

Mazvita anatsegula zipi n'kuponya. Phaa! Tenti inadzuka, ndipo nthawi yomweyo mphepo inaikoka ngati galu wolusa. Anaigwira pakhomo ndi dzanja limodzi, n'kugwa nayo chogwada.

"Zikhomo!" anakuwa Shuvai. "Ndipatse kathumba, ndikhome!"

Mazvita anayang'ana kumbali.

"Mazvita! Kathumba kali kuti?"

"Kanatsala kusukulu."

Shuvai anamuyang'ana pakamwa pali yasa. Paida anagwira kumutu.

"Musandiyang'ane choncho! Paida, thamanga ukakoke zikwama zija, tiike m'kati. Shuvai, funa mwala, waukulu!"

Awiriwo anathamanga. Mazvita anatsala yekha akulimbana ndi tenti. Ndi dzanja linalo anapapasa pansi kufuna chilichonse choika m'kati. Anapeza chofunda cha Shuvai, anachiponyamo. Anapeza juzi yokulungidwa, anaiponyamonso. Madontho akuluakulu anayamba kugwa, ndipo anatseka zipi ya pakhomo kuti zofundazo zisanyowe.

Kenaka mphepo inaleka.

Inaleka kamodzin'kamodzi, ngati wina watseka chitseko. Udzu unadzuka. Tenti inakhala pansi bwinobwino, yowongoka, yowala pakati pa mdima wa mtambowo. Paida anali akukwera ndi zikwama ziwiri, akuzikoka pamiyala. Shuvai anali akugubuduza mwala chapatali pang'ono.

Mazvita anayang'ana kwa anyamata. Anali atangoyamba kulowetsa mtengo woyamba. Tenti yawo inali ikadali chigonere. Pamalo onsewo, tenti yoima inali imodzi yokha.

Tongai anadzutsa mutu, maso awo n'kukumana.

Mazvita anaimirira. Anachotsa dzanja pa tenti, anabwerera m'mbuyo, n'kukweza manja onse awiri m'mwamba.

"Yaima!" anafuula.

"Igwire!" anakuwa Tongai. "Iwe Mazvita, igwire!"

Mphepo inabweranso. Inamugwetsa Mazvita chagada pathanthwe. Tenti inapendekeka, inagubuduzika kamodzi, inadumpha mwala, n'kunyamuka. Tongai anasiya yake n'kuithamangira. Anadumpha, zala zake zinakhudza nsalu, koma sanaigwire. A Sigauke anamugwira malaya atatsala pang'ono kufika kuphompho.

Onse anaima n'kumaonerera. Tentiyo inakwera m'mwamba ikuzungulira, inadutsa pamwamba pa phompho, n'kulowera kuchigwa. Inachepa, inachepa, mpaka mvula inaiphimba.

Mvula inakhuthuka yosakaniza ndi matalala. A Sigauke anakankhira atsikanawo m'tenti ya anyamata, imene inali itangodzuka kumene, zingwe zake zili pamiyala. Inkagwedezeka ndi kulira, koma sinasunthe. Anapanikizana m'menemo onse, atanyowa chipichipi. Palibe anatchula za mapoto.

"Za zikhomo tikambirana tikatsika," anatero a Sigauke. "Chachikulu n'chakuti tonse tilipo. Tenti ndi nsalu chabe. Sekuru Dhliwayo ndikalankhula nawo ndine."

Mazvita anaweramitsa mutu pamaondo. Kunja, kupyola phokoso la matalala, kunayamba kumveka mkokomo wina wochokera kumbuyo, kumene anawoloka kamtsinje kaja. Unali ngati malole ambiri akudutsa pamlatho.

Kenaka anamva phokoso lina, laling'ono, pafupi ndi khutu lake. Kanali kamluzu.

Shuvai anali atakhala chowongoka, milomo ikunjenjemera, mapewa akukwera ndi kutsika. Dzanja lake linkapapasa m'chiuno. Linapapasa kumanja, linapapasa kumanzere.

"Mazvita," anatero movutika, mawu akudukaduka. "Juzi yanga... uli nayo? Ndinakulungamo kachikwama... kuti kasanyowe."

Mazvita anatembenukira kukhomo la tenti, kumbali ya chigwa.

Chimene anthu a m'chigwa anaona kumwamba Loweruka lija chinali tenti ya Mazvita. M'kati mwake munali chofunda, juzi, ndi kachikwama kobiriwira ka mankhwala a Shuvai.